Kuliza mota m'nyengo yachisanu: mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera

 Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto, zija tonse timangoti mota. Mwandipempha kuti ndilankhulepo za vuto limene limabwera chaka ndi chaka Juni ndi Julayi akafika, la mota yokana kulira m'mawa.

Kuno ku Angónia tikukhala pamwamba, kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo phiri la Domwe lokha limapitirira mamita 2,000. N'chifukwa chake mota imene imalira ndi kiki imodzi mumzinda wa Tete, ikagona ku Ulongwe kapena ku Tsangano imadzuka ndi mwano. Nkhaniyi si yamasewera ayi. Mota yomweyo ndiyo imatengera mbatata ya kachewere kumsika, ndiyo imadyetsa ana a anyamata a takisi-mota, ndipo usiku mayi akayamba kumva kupweteka kwa uchembere, ndiyo ambulansi ya pamudzi. Ikakana pa nthawi ngati imeneyo, pamakhala pa moyo wa munthu.

Tiyambe tadziwa chimene chimachitika m'kati mwa injini. Petulo, kapena kuti gazolina, sayaka ali madzimadzi. Amayaka akasanduka nthunzi n'kusakanikirana ndi mpweya, pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Kukazizira, petulo amachedwa kusanduka nthunzi. Wambiri amangomatirira m'zitsulo zozizira ngati mame pa udzu, ndipo wofika pa pulagi, imene ena timati vela, amachepa. Chachiwiri, oilo amalimba ngati uchi, ndiye injini imalemera kuizunguza. Chachitatu, batire imafooka ndi chisanu. Zitatuzi zikakumana m'mawa umodzi, mwini mota amayamba kuganizira anthu kuti amulodza, pamene mfiti yake ndi mphepo ya mwera.

Mankhwala a vuto loyamba ndi choki, kachitsulo kaja kali pambali pa kabuleta kapena pa chiwongolero. Ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya kuti petulo achuluke m'chisakanizo. Anthu ambiri amayenda ndi mota zaka osadziwa kuti choki chawo chimatseka chikaloza kuti. Safunsa anadya phula. Yesani masana injini itatentha bwino: mukachisuntha injini n'kuyamba kutsamwa kapena kuzima, dziwani kuti kumeneko ndiko kotseka.

Tsono m'mawa chitani motere. Tsegulani kampopi ka petulo, ndipo ngati m'thanki mwachepa, ikani pa rizevu. Onani kuti giya ili pa fili, komanso kuti kabatani kofiira kozimitsira injini sikanakanikizidwe, pakuti ana amakonda kuseweretsa pamenepo. Kiyi asanatsegulidwe, tsekani choki n'kuponda kiki kawiri kapena katatu pang'onopang'ono. Apa mukumasula injini ndi kukokera petulo m'kati. Kenaka tsegulani kiyi, tsitsani kiki mofatsa mpaka mumve pamene yalimba, ibwezeni pamwamba, ndipo pondani kamodzi mwamphamvu mpaka pansi. Dzanja lamanja likhale phee. Kupotokola moto uku mukuponda kumalowetsa mpweya wambiri ndipo kumaononga ntchito imene choki chikugwira.

Amene mota zanu zili ndi sitata, musakanikize batani kupitirira masekondi 5. Ikakana, dikirani masekondi 10 musanayesenso. Kulizaliza sitata kumamaliza batire ndi kutenthetsa kamakina kake. Ine ndimalangiza kuti ulendo woyamba wa m'mawa muzigwiritsa kiki, batire muisungire masana.

Ikalira, musaikalipitse ngati mukufuna kudzutsa mudzi wonse. Pa nthawi imeneyo oilo amakhala asanakwere kumutu kwa injini, zitsulo zikukhulana zouma. Injini zambiri zimene zimabwera kwa ine zikufuka utsi zinayamba kutha chifukwa cha mkokomo wa m'mawa umenewu. Ilekeni ilire yokha. Pakapita kanthawi bwezani choki pakati, ndipo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu chitseguleni chonse. Kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka kale, choncho choki chikakhalitsa pulagi imada mwaye msanga ndipo petulo amangotha chabe. Makilomita oyamba yendani pang'onopang'ono. Kuthamanga sikufika.

Nanga mwaponda kakhumi osalira, ndipo mukumva fungo la petulo? Pamenepo injini yakhuta, pulagi yanyowa. Tsegulani choki, potokolani moto mpaka kumapeto, muugwire pomwepo n'kuponda kangapo kuti mpweya uumitse m'kati. Ikalira bwezani dzanja msanga. Ikakanabe, masulani pulagi, ipukuteni ndi kansalu kouma, chotsani mwaye ndi kabulashi ka waya. Kampata ka kunsonga kwake pa mota zambiri zazing'ono kamakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zizikhala pa mota nthawi zonse, monga mmene mlimi sasiyana ndi khasu. Ngati pali anzanu okukankhani, ikani giya yachiwiri, gwirani kilachi, ndipo liwiro likakwana muisiye.

Pali mdani wina amene sitimuona, ndiye madzi. Thanki ikagona ili pafupi kuuma, mpweya wa m'katimo umachita thukuta usiku ndipo madontho amatsikira pansi, popeza madzi amalemera kuposa petulo. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu nayenso nthawi zina amabwera ndi madzi kapena zinyalala. Mukamagula, kwezani botolo padzuwa muone pansi pake, ndipo thirani posefa ndi kansalu koyera. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu. Mukakamasula pang'ono, madzi amene anasonkhana amatuluka. Chitani zimenezi panja, kutali ndi moto.

Za oilo, werengani nambala ili pa botolo. Nambala yoyamba, ya pafupi ndi chilembo W, imanena mmene oiloyo amayendera kukazizira. Wa 10W-40 amayenda msanga m'mawa kuposa wa 20W-50. Tsatani zimene buku la mota yanu likunena, ndipo oilo wakale wakuda musalowe naye m'chisanu. Batire yabwino ya mavoti 12, itadzaza ndi kupumula, imaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita. Mitu yake ikachita zoyerayera, ipaleni ndi kuimanga bwino. Mota zatsopano zopanda kabuleta, zopopera petulo ndi magetsi, zilibe choki chogwira ndi dzanja. Zimenezo mumatsegula kiyi, kudikira kapampu kamalize kulira, ndiye n'kuliza, koma batire yofooka sizigwirizana nayo konse.

Tsopano ndifike pa zimene zandivutitsa mtima. Pali ena amasonkha moto wa mapesi pansi pa injini kapena kuyandikiza mbaula kuti mota ifunde. Abale anga, pamwamba pa injiniyo pali thanki ndi kapaipi ka petulo. Dontho limodzi likwanira kutentha mota, khonde ndi nkhokwe. Enanso, poopa akuba, amagoneka mota m'nyumba, zimene sindikutsutsa, koma m'mawa amailizira momwemo zitseko zili zotseka ana ali mtulo. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala. Ikankhireni panja kaye, ndiye muilize. Usiku tsekani kampopi ka petulo, ndipo mota isagone chipinda chimodzi ndi moto. Ngati igona pakhonde, ifunditseni chisaka kapena lona injini itazizira, kuti mame asalowe m'mawaya.

Pomaliza ndipemphe chinthu chimodzi ku kalabu yathu. M'mudzi uliwonse tidziwe mota imene ingadzutsidwe usiku pakagwa matenda, ndipo mwini wake azigona thanki ili ndi petulo, pulagi ili yoyera, nyali ikuyaka. Banja limene lili ndi mayi woyembekezera lipangane naye masiku asanakwane, ndalama ya petulo ikhale padera. Wokwera avale chipewa cholimba, jekete ndi magolovesi, chifukwa zala zouma ndi chisanu sizigwira buleki.

Amene muli ndi mafunso, ndabwera ndi kabuleta yakale ndi mapulagi awiri, yabwino ndi yakuda, kuti tikatseka msonkhano muone ndi maso anu.