Sukulu za Boma ndi Sukulu Zoima Pazokha: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Pachaka ku Thyolo



Ndithokoza Komiti chifukwa cha ulemu umene yandichitira pondipatsa nthawi iyi kuti ndinene za nkhani imene yavuta m'nyumba zambiri za m'makomboni a minda ya tiyi ndi m'midzi yozungulira. Nkhani yache ndi iyi: munthu wothyola tiyi, kapena kapitao, kapena mlembi wa pasikelo, achite chiani ndi mwana wache? Amtumize ku sukulu ya Boma, kumene salipira fizi koma ana achuluka, kapena adzimane ndi kumtumiza ku sukulu yoima payokha, imene ambiri aitcha pulayiveti? Funso ili si laling'ono iai, pakuti ndalama imene yapita ku fizi siibwerera, ndipo chaka chimene mwana wataya sichibwereranso.

KUMENE TACHOKERA

Tisanaweruze mlanduwu, kuyenera kuti tikumbuke kumene tachokera. Sukulu zoyamba m'boma lino la Thyolo zinali za Mishoni. M'chaka cha 1902 a Seventh-day Adventist anagula malo a ku Makwasa pamene Joseph Booth anayambapo ntchito, ndipo Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America, anadzakhalapo ndi banja lache nayamba kuphunzitsa. Malo amenewo ndiwo anatchedwa Malamulo m'chaka cha 1907. A Nyasa Mission anali ku Ntambanyama, ndipo mipingo ina inamanganso tisukulu tache m'midzi. Boma la Atsamunda linachedwa ndithu. Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa m'chaka cha 1926, zitapita zaka ziwiri chichokere Phelps-Stokes Commission imene inayendera dziko lino, ndipo ngakhale pamenepo Boma linangothandiza Amishoni ndi ndalama pang'ono. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940. Ya Akatolika ku Zomba mu 1942. Ndipo sekondale ya Boma lenileni, ya Dedza, inadikira kufikira 1951.

Pa minda ya Azungu zinthu zinali zowawa koposa. Makolo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, anakhala pa malo a eni pansi pa thangata, ndipo mwini munda anaona mwana ngati dzanja lina logwira khasu ndi dengu. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, William Jervis Livingstone anatentha nyumba zopemphereramo ndi kuphunziriramo za anthu a John Chilembwe, ndipo ichi chinali chimodzi cha zifukwa za nkhondo ya 1915. Thangata anatha m'chaka cha 1962. M'masiku a Chitaganya ana a mabwana a minda anali ndi sukulu yaoyao ku Blantyre, ya St Andrew's, imene mwana wa wothyola tiyi sakanalowamo ngakhale atate wache akadapeza ndalama.

Chifukwa chache mabungwe a makolo athu, kuyambira North Nyasa Native Association ya 1912 kufikira Nyasaland African Congress ya 1944, anapempha kosalekeza kuti Boma lisenze katundu wa maphunziro. Tsono pamene ife lero tinyoza sukulu ya Boma, tikumbuke kuti tinyoza chinthu chimene makolo athu anachilirira zaka zambiri. Tikumbukenso kuti malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa boma lino, anapita pa Ntambanyama ndi pa Malamulo asanakatsirize ku Dedza m'chaka cha 1956. Mishoni inabzala, Boma linathirira, ndipo mbali ziwirizo sizinadane.

CHIMENE CHINACHITIKA MU 1994

M'chaka cha 1994 Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana a sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni nafika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu ndi chokoma, pakuti ana a m'makomboni amene kale anangoyendayenda m'mizere ya tiyi analowa m'kalasi. Koma zipinda sizinakwane, mabuku sanakwane, ndipo Boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri amene anali asanapite ku koleji. Ana anaphunzira pansi pa mitengo. Mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE anasandulika Community Day Secondary Schools, koma ngakhale zimenezi sizinathe kulandira onse okhoza Sitandade 8.

Pa mpata umenewu ndi pamene sukulu zoima pazokha zinamera ngati bowa wa m'dzinja. Zina zinamangidwa bwino ndi anthu odziwa ntchito. Zina zinatsegulidwa m'magolosale akale ndi m'nyumba za lendi, kotero kuti m'chaka cha 2009 Unduna wa Maphunziro unatseka zambiri za izo chifukwa zinalibe zoyenera. Chotero mau akuti pulayiveti aphimba zinthu zosiyana kutalitali. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yotsegulidwa mu 1981, ndi kasukulu ka zipinda zitatu ka kuseri kwa msika zitchedwa ndi dzina limodzi, koma palibe wa ife anganene kuti ndi chinthu chimodzi. Ife a malipiro a tiyi tikanena za pulayiveti, nthawi zambiri tinena za yachiwiriyo, pakuti ndiyo imene thumba lathu lingaifike.

TIZIIKE PA SIKELO

Inu mudziwa sikelo, pakuti muima patsogolo pache tsiku ndi tsiku. Tiyeni tiike sukulu ziwirizi pamenepo.

Choyamba, ndalama. Tiyi amaphuka ndi mvula, kuyambira December kufikira April kapena May, ndipo ndiyo nthawi imene minda imalemba anthu ambiri ndi makilogalamu amachuluka. Koma chaka cha sukulu chiyamba mu September, pakati pa chilimwe, pamene antchito a nyengo ali pakhomo ndi nkhokwe zayamba kupepuka. Fizi ya teremu yoyamba, yunifolomu ndi nsapato zifunika pa nthawi imene ndalama yasowa. Nzoona kuti chiyambire pangano la malipiro la 2016, la pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU, pali njira yokambirana za malipiro. Koma mitengo ya chimanga, sopo ndi feteleza siidikira pangano. Mwana amene waphunzira teremu ziwiri ku pulayiveti, nabwezedwa pa yachitatu chifukwa cha ngongole, wataya zambiri koposa mnzache amene anakhala chaka chathunthu ku sukulu ya Boma. Ndipo m'nyumba ya ana asanu, ndalama ikakwanira mmodzi yekha, tidziwa tonse amene amatsala: kawirikawiri ndi mtsikana.

Chachiwiri, kuchuluka kwa ana. Apa sukulu ya Boma ilemera mbali yoipa, ndipo tisabise. Boma lenilenilo lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyamba a sukulu zathu zambiri ana apitirira 100. Mphunzitsi wotere sangathe kuchonga kope la mwana ali yense, kapena kudziwa amene sanadze. Ku pulayiveti ana achepa, mwini sukulu ali pomwepo, ndipo mphunzitsi wojomba sakhalitsa. Ichi ndicho chimene makolo amagula ndi ndalama zao, ndipo si chinthu chachabe.

Chachitatu, aphunzitsi. Mphunzitsi wa Boma wa masiku ano anapita ku koleji ya aphunzitsi, monga ya Blantyre kapena ya DAPP ku Amalika m'boma lathu lino. Alandira malipiro a Boma ndipo ayembekeza penshoni. Mphunzitsi wa kasukulu kolipira kawirikawiri ndi mnyamata wa MSCE amene ali kudikira mwai wina, wolandira zochepa, wokhoza kuchoka pakati pa teremu. Tsono mbali ina tiri ndi mmisiri wosenza katundu womposa, mbali ina tiri ndi wophunzira ntchito wosenza katundu wopepuka. Kholo lifunse za ichi lisanalipire.

Chachinai, Chingerezi. Ichi ndicho chikopa mitima yathu koposa zonse. Mwana wa zaka 6 akabwera kunyumba napereka moni m'Chingerezi, atate wache aiwala kutopa kwa tsiku lonse. Chingerezi chifunika ndithu, pakuti mayeso a Sitandade 8 ndi a sekondale alembedwa m'Chingerezi, ndipo wolephera phunziro limeneli salandira satifiketi ya MSCE. Koma kuloweza si kudziwa. Muyeseni mwanayo chotere: mpatseni buku, awerenge tsamba limodzi, ndipo akufotokozereni m'chinenero chathu chimene wawerenga. Akalephera, mwagula chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachisanu, mayeso. Ana a mbali zonse ziwiri alemba mayeso amodzimodzi a MANEB, bungwe lokhazikitsidwa mu 1987. Sukulu yosalembedwa ku Unduna ilibe nambala ya malo olembera mayeso, ndipo ana ache ayenera kukapempha malo kwina. Ndiponso mwini sukulu akakuuzani kuti ana ache onse anakhoza, mfunseni kuti analowa angati mu Folomu 1, ndipo anafika angati pa tsiku la mayeso. Pakuti nkwapafupi kukhozetsa onse utayamba wachotsa ofooka.

Chachisanu ndi chimodzi, ndani alandiridwa. Lamulo la Maphunziro la 2013 linena kuti mwana ali yense ayenera kuphunzira pulayimale, ndipo sukulu ya Boma siingabweze mwana chifukwa atate wache achotsedwa ntchito. Ilandira mwana wamasiye, wolumala, ndi wa mlendo amene wafika dzulo kudzafuna ganyu. M'sukulu zambiri za Boma muli phala la m'mawa, limene lasunga ana ambiri m'kalasi m'miyezi ya njala. Ndipo pamene namondwe Freddy anagwetsa nyumba zathu mu March 2023, anthu anathawira kuti? Anathawira m'zipinda za sukulu za onse. Sukulu ya Boma ndi nkhokwe ya mudzi, ndipo ikagwa tigwa nayo tonse, ngakhale iwo amene ana ao ali kwina.

Tisaiwalenso kuti pali njira ya pakati. Pali sukulu za Mipingo zimene aphunzitsi ache alipidwa ndi Boma, ndi sukulu za pa minda ya tiyi zimene kampani yamanga zipinda koma Boma latumiza aphunzitsi. Ndalama ya Fairtrade, imene antchito ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi alandira pa minda ina, yathandiza kumanga zipinda ndi kulipirira ana. Ndipo mu October 2025 Boma linalengeza kuti kuyambira January 2026 fizi ya m'sekondale zache ichotsedwe, ngakhale kuti ogonera konko alipirabe chakudya ndi malo. Chimene tinaona mu 1994 chitiphunzitse: khomo likatseguka ana adzachuluka, ndipo zipinda, madesiki ndi mabuku zidzafunika koposa kale.

CHIMENE NDIPEMPHA BUNGWE LATHU

Sindinena kuti wotumiza mwana ku pulayiveti walakwa. Amene ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, napeza sukulu yolembedwa ku Unduna, ya aphunzitsi ophunzitsidwa, ndipo angathe kulipira kufikira mapeto popanda kumana ana ena, achite chotero ndi mtima woyera. Koma kwa ambiri a ife nzeru ndi kuika mwana ku sukulu ya Boma, ndi kuika ndalama ndi mphamvu zathu pa kuikonza. Chifukwa chache ndiika mfundo zinai patsogolo pa msonkhano uno.

1. Komiti isankhe anthu atatu odziwa za maphunziro, kuti membala ali yense wofuna kutumiza mwana ku sukulu yolipira ayambe wafunsa kwa iwo. Ndipo iwo akaone chikalata cha Unduna, nambala ya MANEB, zimbudzi, madzi, ndi mapepala a aphunzitsi.

2. Tiyambe thumba la maphunziro, losonkhedwa m'miyezi ya tiyi wambiri, kuti lithandize mu September ana osankhidwa kupita ku sekondale, atsikana ndi anyamata mofanana, pa yunifolomu, makope ndi ndalama ya kogona.

3. Mamembala athu alowe m'makomiti a sukulu, m'mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, ndi m'magulu a amai oyang'anira atsikana. Aumbe njerwa za nyumba za aphunzitsi, pakuti mphunzitsi wopanda nyumba sakhalitsa kumudzi.

4. Tilembe kalata yaulemu kwa oyang'anira minda ndi kwa mkulu wa maphunziro pa Boma, yopempha zipinda zoonjezera pa sukulu za m'makomboni, ndi kukumbutsa onse kuti lamulo la ntchito la 2000 liletsa kulemba mwana wosafika zaka 14. Ifenso makolo tisasunge mtsikana pakhomo kuti alere khanda pamene amai ache ali kumunda.

Bwana Wapampando, ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino, kuli Malawi University of Science and Technology, imene inatsegula makomo ache mu 2014. Ana a m'maboma ena adzera pa misewu yathu kupita kumeneko. Ndifuna kuti tiwerenge m'lipoti la zaka zikudzazi maina a ana a m'makomboni amene alowa pa chipata chimenecho. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo anatinso mutu umodzi susenza denga. Ndipempha msonkhano kuti ukambirane mfundo zinaizi ndi kuzivomereza lero lomwe, tisanabalalike.