Ndani akhale pa bodi ya bungwe lokongoza alimi?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa alangizi a bungwe lathu analankhula kwa atsogoleri a makalabu a alimi.



Mwandipatsa mutu wa ngongole za ulimi. Ndikudziwa kuti ambiri mukuyembekeza kuti ndidandaule za chiwongoladzanja, ndipo chodandaula chilipodi. Koma ine ndikufuna tikambe za anthu amene amakhala pansi nkugwirizana za chiwongoladzanjacho. Bungwe lililonse lokongoza ndalama, kaya ndi banki, kaya ndi SACCO, kaya ndi thumba la boma, lili ndi kagulu ka akuluakulu kamene timakatchula kuti bodi. Kalaliki amene mumakangana naye ku ofesi uja alibe mphamvu, amangotsata zimene zinalembedwa. Olemba ndi a bodi. Ndiwo amayang'anira bwana wamkulu wa bungwe, ndiwo amavomereza kuti ngongole izipita kwa yani, chikole chikhale chiyani, kubweza kuyambe mwezi uti, komanso chichitike nchiyani mvula ikadula. Choncho funso langa lero ndi ili: pa mipando imeneyi pakhale ndani, ndipo womuikapo akhale ndani?

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Achikulire mukuikumbukira SACA, nthambi ya unduna wa zamalimidwe imene inakhazikitsidwa mu 1988 kuti iziyendetsa ngongole za feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu. Masiku amenewo alimi a m'Malawi ankatchuka mpaka kunja chifukwa chobweza bwino. Pa K100 iliyonse yokongozedwa, yoposa K90 inkabwerera. Komabe tisanamizane, mbali ina anali mantha. Wolephera kubweza ankalandidwa mbuzi, njinga, ngakhale malata, ndipo kalabu yonse inkamanidwa ngongole chaka chotsatira. Kenaka kunagwa chilala cha mu 1992, kunabwera referendamu ya mu 1993 ndi chisankho cha mu 1994. Mantha aja anatha, ndipo andale ena pofuna mavoti anayamba kuuza anthu kuti ngongole zija asabweze. Ndalama zobwerera sizinafike ngakhale theka, SACA nkugwa.

Dzifunseni chifukwa chake panalibe mlimi amene anaimirira kuiteteza. Sinali yawo. Panalibe mlimi amene anaikamo tambala lake, panalibe amene anali ndi mawu pa kayendetsedwe kake. Inali ndalama ya boma, ndipo tonse tikudziwa mmene anthufe timaonera ndalama ya boma.

M'malo mwake munabwera Malawi Rural Finance Company, MRFC, imene inayamba kukongoza mu 1994 ndi thandizo la World Bank. Iyi inali kampani yokhala ndi bodi yake, koma mwini wake linali boma lomwelo. Chiwongoladzanja chinakwera kufanana ndi cha pamsika, ndipo kampaniyi inakonda kwambiri makalabu a fodya poti ndalama yake inkadulidwiratu ku okushoni mlimi asanaigwire. Nayonso inadzatsekedwa. Mu 2005 tinamva za MARDEF, mu 2014 za MEDF, mu 2020 za NEEF. Maina akhala akusintha ngati chitenje, koma chinthu chimodzi sichinasunthe: a bodi ya mabungwe a boma amasankhidwa ndi boma, ndipo boma likasintha mabodi amathetsedwa nkuikamo ena. Sindikunena kuti onse amene anakhalapo anali anthu oipa, ayi, ena anali odziwa ntchito ndithu. Ndikungoti munthu amamvera amene anamupatsa mpando. Ngati mpando wachokera ku Capital Hill, maso ake adzakhala ku Capital Hill, osati ku Mitundu kapena ku Mbalachanda.

Tsono wina afunsa kuti, kodi kulipo kumene alimi amasankha okha oyendetsa bungwe lowakongoza? Kulipo, ndipo ndikupatsani chitsanzo cha ku America. Ulimi wawo ndi wa mathirakitala ndi minda yosaona mathero, choncho sitingakopere zonse, koma mmene anakonzera bodi muli phunziro.

Kumeneko kuli mabungwe a ngongole za alimi amene onse pamodzi amatchedwa Farm Credit System. Anayamba ndi lamulo la mu 1916, nthawi imene mabanki wamba ankawakana alimi kapena kuwakongoza pa nthawi yochepa kwambiri. Boma linaikamo ndalama zoyambira, koma linakonza zoti alimi azigula umwini pang'onopang'ono, ndipo pofika mu 1968 ndalama za boma zija zinali zitabwezedwa zonse. Mlimi akatenga ngongole amagula masheya, mwina $2 pa $100 iliyonse imene wakongola kapena $1,000, kutengera chimene chachepa. Akatero wasanduka mwini, ndipo ali ndi voti posankha a bodi. Bungwe likapindula, gawo lina la phindu limabwerera kwa okongolawo. Mlimi wotere akamva mnzake akuti tisabweze, amadziwa kuti zikuonongekazo ndi zake zomwe.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene ife omenyera ufulu wa alimi sitikonda kuitchula, ndipo ine ndiitchula. Mabodi odzaza ndi alimi aja nawonso analakwitsa. M'zaka za m'ma 1970 mitengo ya minda inkangokwera, ndipo iwo anakongoza ndalama zambiri poona mtengo wa munda m'malo moona zimene mundawo ungatulutse. M'zaka za m'ma 1980 mitengo ya zokolola ndi ya minda inagwa, chiwongoladzanja chili pamwamba, alimi ambiri analandidwa minda, ndipo mabungwewo anatsala pang'ono kumira. Mu 1987 nyumba ya malamulo ya dzikolo inachita kuwapulumutsa ndi thandizo la ndalama, limene anamaliza kubweza mu 2005. Lamulo lomwelo la mu 1987 linanenanso kuti bodi iliyonse ikhale ndi munthu wakunja, mmodzi kapena kuposerapo, amene sali wokongola kapena wogwira ntchito m'mabungwewo. Malamulo amene anadza pambuyo pake anafunanso kuti bodi izikhala ndi katswiri wa zachuma.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa mpamene pagona nkhani yanga yonse. Munthu wakunjayo sasankhidwa ndi nduna. Amasankhidwa ndi alimi amene anavoteredwa aja, ndipo alimiwo ndi amene amakhala ochuluka pa bodi. Wamalonda kapena wowerengera ndalama amabwera chifukwa alimi amuitana kuti adzathandize pamene iwo sadziwa, ndipo akapanda kuthandiza mpando samuonjezera.

Choncho ine sindili m'gulu la amene amati anthu a bizinesi asayandikire ndalama za alimi. Tikuwafuna. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bungwe lokongoza linkafunika munthu wodziwa kuti ndalama imene yabwezedwa sidzagulanso matumba a feteleza ofanana ndi amene inagula chaka chatha, nkuona chochita thumba lisanaphwe. Nzeru imeneyi sitiiphunzira m'munda. Koma pali wamalonda wina amene sayenera kukhalapo: amene amagulitsa feteleza kwa okongola omwewo, kapena amene amagula soya ndi mtedza wawo. Tangoganizani munthu amene mosungira katundu mwake mukudikira soya wanu, ndiye akhale nawo pogamula kuti ngongole ibwezedwe mwezi uti. Adzasankha May, pamene aliyense akugulitsa ndipo mtengo uli pansi. Adzasankhiranji September? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu wotere akangolowa, kumuchotsa nkovuta poti mukamumenya muswa ndi mkhate womwe, ndiye kuli bwino malamulo amutsekereze pakhomo.

Chenjeraninso ndi mawu oti mlimi. Mukadandaula kuti pa bodi palibe mlimi, adzakuonetsani bwana wina wokhala ku Area 10 kapena ku Namiwawa amene ali ndi esiteti ku Mchinji, nkunena kuti nayu mlimi wanu. Inde amalima, sitikukana. Koma iye akafuna ngongole amanyamula chikalata cha umwini wa malo kupita nacho ku banki iliyonse. Sanakhalepo m'kalabu ya anthu khumi ndi asanu momwe mmodzi akathawa otsala amamulipirira. Sadziwa kuti mayi wolima ekala imodzi pa malo a makolo alibe pepala loti apereke chikole.

Pamene ndinali mlangizi ndinaona kalabu ina italandira feteleza wa ngongole pakati pa January, chimanga chitafika kale m'chiuno. Mafomu anadzazidwa mu September, koma chilolezo chinkadikira msonkhano wa akuluakulu ku tawuni, ndipo msonkhanowo unasunthidwa kawiri. Feteleza wokulitsa anafika nthawi ya wobereketsa itapitirira. Zokolola zinachepa, koma ngongole sinachepe, ndipo m'mabuku a bungwelo kalabuyo inalembedwa kuti ndi ya anthu osakhulupirika. Pakanakhala mayi mmodzi wogwira khasu m'chipinda chija, akanawauza kuti mvula siidikira msonkhano. Chimodzimodzinso pa ngozi. Namondwe wa Freddy atakokolola minda ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje mu March 2023, ndiponso boma litalengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, mabungwe okongoza anayenera kugamula ngati aonjezere nthawi yobwezera kapena ayi. Nkhani yotere siyoti ikambidwe popanda mwini munda.

Tsopano ndiloleni nditembenukire kwa ife eni ake, chifukwa mpando tikuupemphawu ndi wolemera. Mlimi wa pa bodi sapita kumeneko kukakhululukira ngongole za abale ake kapena kukalowetsa maina a kumudzi kwawo. Tsiku lina adzayenera kubwera kwa inu nkukuuzani kuti bwezani, ndipo mudzamuda. Ayenera kudziwa kuwerenga lipoti la chuma, kufunsa kuti ndalama zimene zili kunja ndi zingati, zachedwa ndi zingati, ali nazo ndani. Nthawi zambiri mukafukula mudzapeza kuti ngongole zikuluzikulu zosabwezedwa sizili kwa alimi a matumba awiri. Akapanda kudziwa kufunsa, adzangomupatsa alawansi, chakudya cha ku hotela ndi mpando wofewa, iye nkumagwedeza mutu, ndipo dzina lathu lidzagwiritsidwa ntchito kuvomereza zinthu zotipweteka.

Ndiponso mphamvu ina tili nayo kale koma timaiseweretsa. Ambiri a inu ndinu mamembala a ma SACCO ndi makopaletivi. Kumeneko lamulo limapatsa membala aliyense voti imodzi, kaya ali ndi masheya ochuluka kaya ochepa, ndipo bodi imasankhidwa pa msonkhano waukulu wa pachaka. MUSCCO yakhala ilipo kuyambira mu 1980, ndipo kuchokera pa lamulo la mu 2011 ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Nanga ndi angati muno amene chaka chatha munafunsako funso pamene lipoti la chuma linkawerengedwa? Ambiri timafika nthawi ya nkhomaliro, kulandira tisheti, kukweza dzanja pamene ena akweza, basi ulendo. Tikapita kwa aphungu kukapempha mipando ku mabungwe akuluakulu, chinthu choyamba kutifunsa chidzakhala mmene tikuyendetsera ang'onoang'ono amene tili nawo.

Chimene ndikupempha kuti bungwe lathu likanene kwa aphungu ndi ku unduna ndi chakuti thumba lililonse limene cholinga chake ndi kukongoza alimi ang'onoang'ono likhale ndi mipando ya alimi yolembedwa m'malamulo ake, ndipo okhalapowo azisankhidwa ndi okongola eni ake, osati kutoledwa ndi ofesi. Theka la mipandoyo likhale la amayi, poti ambiri ogwira khasu ndi iwowo. Akatswiri a zamalonda alowe, koma aliyense aulule bizinesi zake poyera, ndipo amene amachita malonda ndi okongola asakhalepo. Nthawi yokhala pampando ikhale yodziwika, isamathe chifukwa choti kwachitika chisankho cha dziko.

Adzatiyankha kuti alimi sadziwa mabuku. Tisadikire kuti atiuze zimenezo. Boma lililonse limene laimiridwa muno likasankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene anasungapo chuma cha kalabu popanda chitonzo, ndipo maina awo afike ku ofesi yathu msonkhano wotsatira usanachitike, kuti tiyambe kuwaphunzitsa kuwerenga malipoti a chuma. Amene muli m'ma SACCO mubwerenso ndi lipoti la chaka chatha la SACCO yanu, ndilo tidzaphunzirirepo.