Liwu Lachingelezi Lakuti "Barrage"

Lero tiphunzira liwu limodzi lachingelezi. Aphunzitsi, lilembeni pabolodi: barrage. Ana inu, litchuleni motere: "baraaji".

Liwuli limatanthauza kuwomba mizinga yambiri pamalo amodzi mosalekeza. Mfuti ikalira kamodzi chabe, imeneyo si barrage ayi. Koma mizinga yochuluka ikamagunda ngati matalala padenga la malata, ndiyo barrage.

Kodi linachokera kuti? Angelezi analibwereka kwa Afalansa. M'Chifalansa, barre ndi mpiringidzo, monga uja amayi amatsekera chitseko usiku, ndipo barrer ndi kutchinga njira. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali a France ankawomba mizinga patsogolo pa ngalande zawo kuti adani alephere kudutsa. Moto umenewo unali ngati mpanda. Asilikali a Britain anatengera liwulo kwa anzawowo.

Liwuli ndi lalifupi, koma lasenza maliro ambiri. Mu 1916, pafupi ndi mtsinje wa Somme ku France, asilikali a Britain anaponya zipolopolo za mizinga zoposa miliyoni imodzi ndi theka m'sabata imodzi, poganiza kuti adani atheratu. Koma adaniwo anabisala m'maenje akuya, ndipo pa 1 July asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi.

Tsopano tcherani khutu. Mpanda wotchinga madzi a mtsinje nawonso ndi barrage, ndipo tanthauzo ili ndilo lakale. Kwa anansi athu ku Malawi kuli Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965 pa mtsinje wa Shire ku Liwonde. Kumeneko kulibe mizinga. Kuli zitseko zoletsa ndi kulola madzi. Mwana wodziwa tanthauzo limodzi lokha akhoza kusokonezeka pamayeso, koma wodziwa muzu wake, kutchinga, adzamvetsa onse awiri.

Aphunzitsi, uzani ana ajambule zithunzi ziwiri, cha mizinga ndi cha mtsinje, ndipo pansi pa chilichonse alembe chiganizo chokhala ndi liwuli. Inu ana, mukakumana ndi liwu lachilendo, funsani kumene linachokera. Tsalani bwino.