Milatho yathu yakale ndi madzi osefukira

Lero ndikufuna tikambirane za milatho, makamaka inu anyamata a njinga amene mumachoka kumidzi yakutali ndi matumba a chimanga kulowera ku chipata cha Muloza.

Ambiri mukukumbuka Januwale wa 2015. Mtsinje wa Licungo unadzaza mpaka kudula msewu waukulu wa EN1 pa mlatho wa ku Mocuba, mlatho womangidwa nthawi ya Apwitikizi. Magalimoto anaima uku ndi uku, magetsi anazima kumpoto kwa dziko kwa masabata. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweranso, ndipo za kuno ku Milange ndi kwa abale athu ku Mulanje ndi Phalombe sindichita kukuuzani. Tsono ngati mlatho waukulu ngati uja unagonja, nanga timilatho ta m'njira zathu za kumudzizi?

Chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: madzi sayamba kuononga pamwamba pamene ife timaponda. Amayambira pansi. Akamathamanga amazungulira pa mizati n'kumakumba mchenga ndi dothi limene mzatiwo wakhazikikapo. Kenaka mitengo, nsungwi ndi nthochi zokokoloka zimadzakodwa pamenepo n'kutseka njira. Madzi sadikira ayi, amafuna podzera, ndiye amakadya dothi la kumapeto, pamene msewu umakumana ndi mlatho. N'chifukwa chake nthawi zambiri mumaona simenti ili chiimire koma polowera pali chidzenje.

Ine ndimaopa kwambiri madzi akaphwa kusiyana ndi pamene ali odzaza. Akadzaza aliyense amaona yekha n'kubwerera. Koma akaphwa, matope amakwirira maenje aja, mlatho n'kumaoneka bwinobwino pamene pansi pake ndi mphako. Ndiye wina akubwera ndi matumba atatu panjinga, mbandakucha, liwiro la kumtsetse, akuthamangira mtengo wabwino kumsika. Abale, chimanga chija chidzafika?

Tsikani panjinga, yambani mwayenda wapansi. Onani ngati pali mng'alu pamene msewu wakumana ndi mlatho, ngati zitsulo za m'mbali zapindika, kapena pakati patsika. Ukakhala wa matabwa, gogodani mumve ngati afumbwa. Muoloke mmodzimmodzi, mukukankha, osati mulu wonse nthawi imodzi. Usiku, chonde, gonani tsidya lomwelo.

Pena vuto ndi la ife tomwe. Tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mitengo ya m'phiri la Thumbine tikuotcha makala. Achikulire akukumbuka mmene phirili linagumukira mu Januwale 1998 ndi anthu amene tinataya.

Pempho langa ndi lakuti kalabu iliyonse iyendere milatho ya m'dera lake mvula isanayambe, ichotse zinyalala zokodwa pa mizati, ndipo zimene mwaona muwauze amfumu ndi a ku wailesi kuti alengeze. Sabata yamawa mubwere ndi maina a milathoyo tidzalembe.