Boma ndi Mafuwa Atatu

Ine boma ndimalifanizira ndi mafuwa atatu. Limodzi likagwedera, mphika umagwa.

Fuwa loyamba ndi Nyumba ya Malamulo, kumene aphungu amapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti. Lachiwiri ndi Pulezidenti ndi nduna zake, amene amayendetsa dziko potsata malamulowo. Lachitatu ndi makhoti, amene amatanthauzira malamulo ndi kudzudzula aliyense wowaswa, ngakhale boma lomwe.

Akuluakulu mukukumbukira zimene zinachitika mphamvu zonsezi zili m'manja mwa munthu mmodzi. Mu 1971 aphungu anavomereza kuti Dr Kamuzu Banda akhale Pulezidenti wamuyaya. Mu 1983 khoti la mafumu linagamula kuti a Orton ndi a Vera Chirwa anyongedwe, popanda loya wowaimira.

Koma mu 2002 aphungu anakana bilu yochotsa malire a matemu awiri a Pulezidenti. Mu 2020 majaji asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo tinakavotanso.

Tsono phungu wanu akabwera kumudzi, mumufunse: kodi ku Lilongwe mumakatiyankhulira, kapena mumangokaomba m'manja?