NJIRA YA NJINGA KUM'MAWA KWA LUSAKA

(Nkhani yolankhulidwa pa wailesi m'Cinyanja)

 Lero ndifuna kuceza nanu za njinga, ndi za njira imene njingayo iyenera kuyendamo.

Mwezi watha ndinapalasa njinga kucokera mu Lusaka kunka ku Chongwe, ulendo wa makilomita ngati 45, pa mseu waukulu wopita ku Chipata ndi ku malire a Malawi. Sindinali ndekha ai. Ndinakomana ndi amuna ambiri alikulowera ku tauni, wina atamanga matumba atatu a makala pambuyo, wina madengu a tomato, ndi ana a sukulu awiri-awiri pa njinga imodzi. Nditapitirira mphambano ya ku bwalo la ndege, lole yaikulu inadza pambuyo panga, inzace irikudza kutsogolo. Mphepo yace inandikankhira kunja kwa phula, ndipo ndinagwera m'miyala ndi kusupuka cigongono. Mkulu wina wa makala anaima kundidzutsa. Iye anandiuza kuti ine ndinali ndi mwai popeza njinga yanga inalibe katundu. Munthu wosenza matumba sangathe kukhota msanga akamva galimoto pambuyo.

Pobwerera sindinafune kudzeranso pa phula. Ndinakhotera ku Chalimbana, kumene aphunzitsi ambiri a dziko lino anaphunzira nchito yao, ndi kutsata tinjira ta m'midzi, ndirikufunsa pa mudzi uli wonse. Abale anga, ulendo umenewo unali wina. Njira inadzera m'mithunzi ya miombo ndi misuku, nitsikira m'mphepete mwa dambo mmene akakowa analikufuna acule pakati pa bango. Ndinamva kulira kwa njiwa m'malo mwa injini. Amai otunga madzi anandilonjera, ine ndi kuwayankha osaopa cimene ciri kumbuyo kwanga. Koma kawiri ndinapeza mpanda wa waya utadula njira yakale, ndipo ndinazungulira kutali kufuna potulukira.

Tinjira timeneti sitinalembedwe m'buku la Boma liri lonse. Munthu akagula malo, amanga mpanda, njira ndi kufa, ndipo wa njinga abwerera pakati pa malole. Ici ndico candidetsa nkhawa.

Mtsinje wa Chalimbana, umene uthira m'Chongwe, uyambira m'nkhalango ya kum'mawa kwa mzinda, imene anthu aicha Forest 27. Anthu a mu Lusaka okonda kuyenda ndi kupalasa njinga m'thengo aidziwa bwino. Nkhalangoyi inaikidwa m'manja mwa Boma kuti isungidwe m'caka ca 1957. Mu 1983 citetezo cace cinacotsedwa. Koma anthu a m'mbali mwa mtsinje anadandaula kolimba, ndipo mu 1996, m'nthawi ya Pulezidenti Chiluba, nkhalango inabwezedwa. Kuyambira 2017 kufikira 2019 zigawo zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba.

Kodi mtengo ugwirizana bwanji ndi madzi a mumtsinje? Mvula ikagwa pa nkhalango, masamba ndi mizu ziicedwetsa kuti isathamange. Madzi alowa pansi pang'ono-pang'ono, nakaturukira pa akasupe ndi m'madambo. Dambo liwasunga monga thonje lonyowa, ndi kuwapereka ku mtsinje kufikira mwezi wa October, pamene dzuwa litentha koposa. Koma pa malata ndi pa simenti mvula ingoyenda tsiku limodzi, ndi kutha. Anthu a ku Chongwe adziwa kale kuwawa kwa ludzu, pakuti zaka zina damu lao linaphwa m'cilimwe, madzi ndi kumabwera pa magalimoto. Caka ndi caka Asoli asonkhana ndi Mfumu yao Yaikulu, Amai Nkomeshya Mukamambo II, pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula. Koma mvula imene tapemphayo ifuna pogona ikafika.

Tsono mverani zimene anacita anzathu ena a ku migodi. Ku dziko la Belgium kuli cigawo cochedwa Limburg, kumene anthu anakumba malasha a pansi zaka zambiri, kufikira mgodi wotsiriza unatsekedwa mu 1992. Injiniya wina wa mumgodi, Hugo Bollen, anatopa ndi kuima pa mphambano iri yonse kuti ayang'ane mapu. Iye anaganiza zopatsa mphambano iri yonse nambala yace, ndi kuika cikwangwani cosonyeza kumene kuli nambala yotsatira. Zikwangwani zoyamba zinaimikidwa mu 1995, ndipo nzeruyi inafalikira ku Holland ndi kwina. Njira zambiri za kumeneko zidzera m'nkhalango, kutali ndi magalimoto. Mu 2016, pa malo ochedwa Bokrijk, anatsegula njira yodutsa pakati pa thamanda, madzi ali mbali zonse ziwiri molingana ndi maso a wopalasa. Alendo afika kudzaona, ndipo eni malo apeza ndalama powagulitsa cakudya ndi powabwereka njinga.

Ife sitifuna zodula cotero. Njira ziripo kale, makolo anazipondaponda ndi mapazi. Cofunika coyamba ndi cakuti a Khonsolo ya Chongwe akhale pansi ndi mafumu ndi eni mafamu, alembe tinjira timene anthu adzeramo, kuti wogula malo adziwe kuti pamenepa mpanda sudutsa. Caciwiri, pakhomo pa njira iri yonse pazikidwe nsanamira ziwiri zoyandikana, kuti njinga ndi munthu alowe koma galimoto ilephere. Cacitatu, njira iyende m'mphepete mwa dambo, osati pakati pace; pamene pafunika kuoloka pakhale ulalo wa matabwa, madzi azidutsa pansi momasuka. Tikathira dothi ndi miyala m'dambo, tidzapha cinthu comwe tifuna kusunga.

Ndidziwa kuti wina alikufunsa kuti, Kodi njira yotere sidzathandiza otema mitengo kuturutsa makala msanga? Funso limeneli ndi labwino, ndipo sindilipeputsa. Mkulu uja anandidzutsa adyetsa ana ace ndi makala, ndipo ife a m'tauni ndife tigula. Koma ndaona ici: thengo limene anthu salowamo litha mwakacetecete, nkhwangwa irikulira popanda woimva. Nkhalango imene ana adzeramo popita ku sukulu, imene amai azulamo bowa ndi kutola masuku, imene kalaliki apumulamo pa Sabata, iri ndi mboni zambiri. Mtengo ukagwa, mawa mudzi wonse udziwa. Anabweza nkhalango ija mu 1996 ndi anthu amene anaidziwa ndi kumwa madzi ace.

Inu a ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Luanshya, nkhani iyi ndi yanunso. Ambiri a inu mupita ku nchito pa njinga kusanace, ndipo madambo a m'mbali mwa Kafue muwaona tsiku ndi tsiku. Yang'anani tinjira ta kwanu. Mukapeza mpanda watsopano pa njira yakale, musangong'ung'udza panjira. Pitani kwa khansala wanu, awiri kapena atatu pamodzi, mukafunse amene analola. Akulu anati madzi akataika saoleka. Njira ndi dambo ziri cimodzi-modzi: nyumba zikamangidwapo, palibe adzazigumula.

Ndipo inu oyendetsa magalimoto, kufikira tsiku limene njinga idzakhala ndi njira yace, cepetsani liwiro mukaona munthu wa matumba patsogolo panu. Kunyumba kuli ana alikumdikira.