Musanagule botolo la mavitamini, mverani izi



Ndani mwa inu anachezerapo usiku mwana akudzikanda mpaka kutuluka magazi? Kukacha, apongozi akuti simumusambitsa, mnzanu pa WhatsApp akuti gulani mavitamini awa, masabata awiri khungu lisalala. Inu n'kutenga ndalama ya ndiwo kukagula.

Tiyeni tiuzane zoona. Eczema si uve, ndipo sipatsirana. Khungu la mwanayo silisunga chinyezi, ndiye limauma, kuyabwa ndi kusweka. Nthendayi imayenda m'mtundu, nthawi zambiri limodzi ndi mphumu. N'chifukwa chake imavuta kwambiri June ndi July, mphepo ija yozizira ya ku Tsangano ikayamba.

Nanga mabotolo aja? Mu 2012, akatswiri a bungwe la Cochrane anaunika kafukufuku wa zinc, mafuta a nsomba, vitamini D ndi vitamini E. Sanapeze umboni wokwanira woti zimachiza eczema. Mu 2018 anaunikanso ma probiotics, n'kupeza kuti kusintha kwake n'kochepa, mwinanso kulibe. Komanso mavitamini A ndi D akachuluka m'thupi amavulaza mwana. Vitamini A wa kusikelo uja musamudumphe, koma osawonjezera wanu.

Chothandiza n'chotchipa. Musambitseni ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wosanunkhira, osamukhula ndi mwala kapena chinkhupule. Mukangomupukuta, mupakeni Vaseline wopanda pafyumu, kawiri kapena kuposa pa tsiku. Muwengeni zikhadabo, muvekeni za thonje.

Zikapitirira, pitani ku chipatala chachikulu cha Ntcheu kapena chaching'ono cha kwanu. Pena ndi mphere kapena zipere, zomwe mankhwala ake ndi ena. Pakatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, pitani tsiku lomwelo. Timachubu ta pamsika toyeretsa khungu tija ayi ndithu, tambiri tili ndi mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu la mwana.

Chomaliza, musamumane mazira, nsinjiro kapena usipa chifukwa wina wanena. Mungathawe kuyabwa n'kugwera m'kunyentchera. Ngati mukukayikira chakudya china, kambiranani ndi adokotala kaye. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja ali pa Lizulu pomwepa, ndalama ya botolo ija ikagule zimenezo.

Ndipo wina akakulozani chala, mumuuze kuti simunalakwe kanthu. Mafunso alipo?